Msoko wa mawu: mmene Chinorway chimagawira ndi kutsindika mawu olumikiza

Pa 1 Juni 2004 dziko la Norway linayamba kutsatira lamulo loletsa kusuta fodya m'malo odyera ndi omwera mowa. Mawu oyenera kulembedwa pachikwangwani cha pakhomo la malo oterowo ndi røykfritt, ndipo amadziwitsa mlendo kuti m'katimo simulowa utsi, pakuti røyk ndi utsi, pamene fritt amanena za chinthu chomasuka kapena chimene chilibe kanthu kenakake. Koma wolemba chikwangwani akangosiya kampata pakati, n'kulemba kuti røyk fritt, uthenga wonse umatembenuka, chifukwa røyk akaima payekha amathanso kukhala mneni wolamula, ndipo chikwangwanicho chimakhala chikuuza anthu kuti asute mwaufulu. Cholakwa chotere chili ndi dzina lake, særskriving, ndipo anthu a ku Norway amachiwerengera zitsanzo moseka. Mwendo wa mwana wa nkhosa wogulitsidwa m'sitolo ndi lammelår, koma lamme lår ndi ntchafu zopuwala. Tizidutswa ta chinanazi ta m'chitini ndi ananasbiter, koma ananas biter ndi chiganizo chathunthu chonena kuti chinanazi chimaluma. Mu 2003 ophunzira ena a sayansi ya zakuthambo pa yunivesite ya Oslo anafika poyambitsa gulu lotchedwa Astronomer mot orddeling, lolimbana ndi kudula mawu kotereku.

Chochititsa chidwi n'chakuti munthu yemweyo amene walakwitsa polemba sangalakwitse poyankhula. Pakamwa pake røykfritt ndi røyk fritt ndi zinthu ziwiri zosasokonezeka, ndipo mwana wamng'ono amene sanayambe sukulu amamva kusiyanako. Chimene chimagwirizanitsa mawu awiri kukhala amodzi m'Chinorway si kusowa kwa mpata papepala ayi, koma kutsindika kwa liwu, ndipo kalembedwe kamangotsatira zimene khutu lamva kale.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyenera kuyamba ndi mmene mawu oterewa amamangidwira. M'Chichewa chinthu chimene tikunena chimabwera poyamba, ndipo zochifotokoza zimatsatira, monga mu "galimoto yozimitsa moto" kapena "sukulu ya ana". Chinorway chimayambira kumbuyo. Galimoto ndi bil, moto wowononga ndi brann, ndipo galimoto yozimitsa moto ndi brannbil. Gawo lomaliza ndilo mwini wa mawu: ndilo limanena chimene chinthucho chili, ndiponso ndilo limalamula gulu la dzinalo ndi mmene lisinthire likamachuluka. N'chifukwa chake barneskole ndi sukulu ya ana aang'ono, pamene skolebarn ndi mwana wa sukulu, ngakhale kuti zomangira zake ndi zomwezo. Malo amene zigawo ziwirizi zimakumana akatswiri a chiyankhulochi amawatcha fuge, mawu amene amisiri omanga amagwiritsanso ntchito ponena za pamene njerwa ziwiri zakumana. M'nkhani ino tiwatcha msoko, monga wa chovala.

Ngakhale kuti gawo lomaliza ndilo lili ndi tanthauzo lalikulu, mphamvu ya liwu imagwera pagawo loyamba. Tikalemba phatikizo lotsindikidwa ndi malembo akuluakulu, timapeza BRANNbil, BARneskole, SKOlebarn ndi RØYKfritt. Mawu olumikiza ali ndi kutsindika kwakukulu kumodzi kokha, pamene mawu awiri oyandikana chabe amakhala ndi kutsindika kwawo aliwonse, ndipo kawirikawiri achiwiri ndiwo amamveka kwambiri. Kusiyanaku kumanyamula tanthauzo. Mawu akuti brun ost amanena za tchizi aliyense amene maonekedwe ake ndi ofiirira, mwina chifukwa choti wapsa m'ng'anjo, koma BRUNost ndi chakudya chodziwika cha ku Norway, chotsekemera pang'ono, chimene amapanga powiritsa kwa nthawi yaitali madzi otsala pokonza tchizi pamodzi ndi mkaka. Momwemonso rød vin ndi vinyo amene wangooneka wofiira, koma RØDvin ndi mtundu wa vinyo, ndipo stor by ndi tawuni imene woyankhulayo akuiona kuti ndi yaikulu, pamene STORby ndi mzinda waukulu weniweni.

Si bwino kuloweza lamuloli ngati kuti likunena za phatikizo loyamba, chifukwa likunena za gawo loyamba. Gawolo limabwera ndi kutsindika kwake kumene linali nako lisanalumikizidwe. Mawu ambiri obwereka kuchokera ku Chifalansa, Chilatini ndi Chigiriki amatsindikidwa chakumapeto, monga teleFON ndi staSJON, motero nambala ya foni ndi teleFONnummer. Nthochi ndi baNAN ndipo khoko lake ndi baNANskall. Komabe m'madera ambiri a kummawa kwa dzikolo ndi ku Trøndelag, chigawo cha pakati pa dzikolo, anthu amakokera kutsindika kwa mawu obwereka kuphatikizo loyamba, moti nthochi imamveka ngati BANnan, ndipo mawu olumikiza amatsatira komweko. Pano ndi poyenera kunena kuti Chinorway chili ndi kalembedwe kovomerezeka kawiri, Bokmål ndi Nynorsk, ndipo bungwe la boma la Språkrådet limayang'anira malamulo a kalembedweko, koma palibe katchulidwe kamodzi kamene lamulo linakhazikitsa. Munthu wa ku Bergen, mzinda wa kumadzulo, amayankhula m'kayankhulidwe ka kwawo pa wailesi ndi m'nyumba ya malamulo popanda womudzudzula. Zambiri zimene zikunenedwa pano ndi za kayankhulidwe ka ku Oslo ndi madera ozungulira, kamene Gjert Kristoffersen wa pa yunivesite ya Bergen anafotokoza mozama m'buku lake la 2000 lotchedwa The Phonology of Norwegian.

Nanga gawo lachiwiri limangofa? Ayi, limatsika mphamvu koma silitaya thupi lake, ndipo umboni wake uli m'kutalika kwa maliwu. M'Chinorway phatikizo lotsindikidwa liyenera kukhala lolemera mwa njira imodzi mwa ziwiri: lembo la liwu likhale lalitali, kapena likhale lalifupi koma lotsatiridwa ndi lembo lopanda liwu lokokedwa kapena malembo angapo otere. Denga ndi tak, wokhala ndi a wamtali, pamene takk, wa a wamfupi, ndi zikomo. Chidani ndi hat ndipo chipewa ndi hatt. M'maphatikizo opanda kutsindika kulikonse kusiyana kotere sikupezeka, chifukwa malembo a liwu onse kumeneko ndi aafupi. Koma mu hustak, denga la nyumba, a wa tak amakhalabe wamtali, monganso i wa bil mu brannbil. Ichi n'chizindikiro chakuti gawo lachiwiri lasunga kutsindika kwakung'ono. Mawu aatali kwambiri amasonyeza bwino dongosololi. Bungwe loona za ufulu wa anthu ndi menneskerettighetsorganisasjon, malembo 30 ndi maphatikizo 11, ndipo ngakhale mlendo angachite nawo mantha, mwini chiyankhulo amagunda mwamphamvu kamodzi kokha pa men, n'kudutsa mopepuka koma momveka pa ret, kenako n'kukatera pa sjon, pamene pali kutsindika kwakung'ono kwa gawo lomaliza.

Woyankhula Chichewa ali ndi chizolowezi chimodzi chimene chimamusokoneza pamenepa. Lilime lathu limakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, makamaka pothera chiganizo, motero tikaona barnehage, sukulu ya mkaka, timafuna kuika mphamvu yonse pa ha. Kwa munthu wa ku Oslo katchulidwe kotere kamamveka ngati mawuwo athyoka pakati. Chizolowezi china ndi chotseka phatikizo lililonse ndi lembo la liwu, chimene chinatipatsa sukulu, buledi ndi sitolo. Chinorway sichiopa kuunjika malembo opanda liwu, makamaka pamsoko. Mfuwu wa mantha ndi angstskrik, ndipo pakati pa a ndi i pali malembo opanda liwu 7 otsatizana, koma maphatikizo ndi awiri okha, angst ndi skrik.

Apa ndi pamene nkhani ya kagawidwe ka maphatikizo imalowera. M'mawu osalumikiza, lembo lopanda liwu lokhala pakati pa malembo a liwu awiri limapita kutsogolo kukayamba phatikizo lotsatira, monga mu sko-le ndi ha-ge, ndipo akakhala awiri, podula mawu kumapeto kwa mzere wolemba amasiya limodzi kumbuyo, monga mu vin-ter ndi kas-se. Mawu olumikiza samvera lamulo limeneli pamsoko pawo. Tchizi uja sagawidwa kuti bru-nost, ngakhale kuti n ali pakati pa malembo a liwu awiri, koma brun-ost, chifukwa n ndi wa gawo loyamba ndipo saloledwa kuwoloka malire. Wowerenga akaona bru kumapeto kwa mzere amayamba kuganiza za mlatho, pakuti ndilo tanthauzo la mawuwo, ndipo pofika mzere wotsatira amakhala atasochera kale. Lamulo la akonzi a nyuzipepala ndi mabuku n'lakuti mawu olumikiza azidulidwa pamsoko, ndipo akakhala ndi misoko ingapo, pamsoko waukulu koposa.

Vuto n'lakuti msokowo suonekera nthawi zonse, ndipo wolakwa wamkulu ndi lembo s. Mawu ambiri amalumikizidwa ndi kalembo kapakati, s kapena e, kamene ndi chotsalira cha malembo amene m'Chinorway chamakedzana ankasonyeza umwini. Lembo e timalipeza mu barnehage, mu juletre, mtengo wa Khirisimasi, ndi mu ostehøvel, kachipangizo kosendera tchizi kamene Thor Bjørklund, kalipentala wa ku Lillehammer, anapanga mu 1925 potengera chopalira matabwa. Lembo limeneli limawonjezera phatikizo limodzi ndipo silivutitsa kwenikweni. Koma s amene ali mu arbeidstid, nthawi yogwira ntchito, akhoza kuoneka ngati wa kutsogolo, chifukwa mawu ambiri a Chinorway amayamba ndi s, st, sp, sk kapena sl. Lamulo n'lakuti s wolumikiza amakhala wa gawo loyamba, motero timagawa kuti arbeids-tid. Kompyuta imene sidziwa tanthauzo imaphonya pamenepa, ndipo chitsanzo chimene akonzi amakonda kutchula ndi bidragsyter, munthu wopereka thandizo. Kagawidwe koyenera ndi bidrags-yter, koma makina akadula kuti bidrag-syter, mzere wachiwiri umayamba ndi mawu otanthauza munthu wokonda kudandaula, ndipo wothandiza uja amasanduka wong'ung'udza.

Palibe lamulo losalephera lonena za pamene s ayenera kulowa, ngakhale kuti pali chizolowezi chimodzi chodalirika ndithu: gawo loyamba likakhala lolumikiza kale, s amakonda kubwera. Tambula ya vinyo ndi vinglass, popanda s, koma tambula ya vinyo wofiira ndi rødvinsglass. Pamenepa s akugwira ntchito yeniyeni, chifukwa akusonyeza kuti msoko waukulu uli pakati pa rødvin ndi glass, kuti wofiira ndi vinyo osati tambula.

Kalembedwe kamathanso kubisa lembo lathunthu. Chinorway sichilola malembo atatu ofanana kutsatizana, choncho natt, usiku, ndi tog, sitima yapamtunda, zimapereka nattog, ndipo buss ndi stasjon zimapereka busstasjon. Lembo lachitatu silinafe, langobisala, ndipo limabwerera mawuwo akadulidwa kumapeto kwa mzere: natt-tog, buss-stasjon, ndi fotball-lag, timu ya mpira wa miyendo. Wolemba amaloledwanso kuika kamzere kotere pakati pa mzere ngati akuona kuti wowerenga angasokonezeke.

Mbali yovuta koposa, imenenso woyankhula Chichewa angaimve msanga kuposa Mngelezi, ndi ya kukwera ndi kutsika kwa liwu. Monga momwe ife timasiyanitsira mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu pamsika, Chinorway chili ndi mayendedwe awiri a liwu, otchedwa tonelag, amene amamangiriridwa kuphatikizo lotsindikidwa. Ku Oslo, mayendedwe oyamba amayambira pansi n'kukwera, pamene achiwiri amayambira pamwamba, n'kutsika, kenako n'kukweranso. Alimi ndi bønder ndipo nyemba ndi bønner, ndipo popeza d wa mawu oyambawo satchulidwa, kusiyana kwake konse kuli m'liwu: alimi ali ndi mayendedwe oyamba, nyemba achiwiri. Gwero lake ndi lakale. Mawu amene m'chiyankhulo chamakedzana anali a phatikizo limodzi anatenga mayendedwe oyamba, ndipo a maphatikizo angapo anatenga achiwiri. Alimi aja anali bœndr, phatikizo limodzi, ndipo e amene tikumuona lero analowa pambuyo pake osasintha liwu.

Potsatira mbiri imeneyi, tikanayembekezera kuti mawu onse olumikiza akhale ndi mayendedwe achiwiri, popeza onse ali ndi maphatikizo angapo, ndipo m'Chiswidishi cha ku Stockholm zili pafupifupi choncho. Kummawa kwa Norway zinthu sizophweka motero, chifukwa gawo loyamba ndilo limagamula. Likakhala la phatikizo limodzi, kawirikawiri mawu onse amatenga mayendedwe achiwiri, ndipo e wolumikiza amabweretsanso achiwiri. Koma s wolumikiza akatsatira gawo la phatikizo limodzi amabweretsa oyamba. Choncho landmann, mlimi, ali ndi achiwiri, pamene landsmann, munthu wa dziko limodzi ndi iwe, ali ndi oyamba. Kuwonjezera apo pali mawu ena a phatikizo limodzi amene amaumirira mayendedwe oyamba popanda s aliyense, ndipo brann ndi amodzi mwa iwo. Mawu akuti ball ali ndi matanthauzo awiri, mpira ndi phwando la dansi, ndipo akaima paokha amamveka chimodzimodzi. Kusiyana kwawo kumatulukira akalumikizidwa: ballspill, masewera a mpira, ali ndi mayendedwe achiwiri, koma ballsal, holo yovinira, ili ndi oyamba. Palibe chimene wophunzira angaone palembo chomuuza zimenezi, ndipo m'maganizo mwanga aphunzitsi amene amanena moona kuti mawu oterewa n'ngoloweza amathandiza kwambiri kuposa amene amapeka malamulo ang'onoang'ono kuti abise vutolo.

Chitsanzo chimodzi chimasonkhanitsa zonsezi. Malembo akuti landslag akhoza kukhala lands-lag, timu ya dziko monga ya mpira wa miyendo, kapena land-slag, nkhondo yomenyedwa pamtunda osati panyanja. Papepala palibe kusiyana ngakhale pang'ono. Malo a s ndiwo amasintha kagawidwe ka mawuwo, ndipo chifukwa cha malo omwewo timu ija imatchulidwa ndi mayendedwe oyamba pamene nkhondo imatchulidwa ndi achiwiri. Munthu sangathe kudula mawuwa molondola, kapena kuwatchula molondola, asanadziwe kuti akunena za chiyani.

Mayendedwe a liwuwa sali ofanana m'dziko lonse. Kumadzulo ndi kumpoto mayendedwe oyamba amayambira pamwamba, mosiyana ndi ku Oslo, ndipo m'midzi ina yozungulira Bergen ndi m'madera ena a ku Finnmark, kumpoto kwenikweni kwa dzikolo, kusiyana kwa mayendedwe awiriwa kulibiretu, moti bønder ndi bønner zimamveka chimodzimodzi ndipo anthu amamvana bwinobwino potsatira nkhani. Ichi chiyenera kulimbitsa mtima wophunzira: kuphonya mayendedwe a liwu kumangomuulula kuti ndi mlendo, koma kuphonya malo otsindika kukhoza kuchititsa kuti asamveke n'komwe.

Tanena kuti malembo sawoloka msoko, koma pali chinthu chimodzi chimene chimawoloka popanda kupempha. Kummawa, pakati ndi kumpoto kwa Norway, r akakumana ndi t, d, n, l kapena s, awiriwo amasungunuka n'kukhala liwu limodzi lotchulidwa nsonga ya lilime itapindikira kumbuyo. Zimenezi zimachitika m'kati mwa mawu monga barn, komanso pamsoko. Mu vårsol, dzuwa la nyengo imene chisanu changotha, r ndi s zimamveka ngati sh wa mu shuga, ndipo mu hårnål, kachitsulo komangira tsitsi, r ndi n zimakhala liwu limodzi. Wolemba adzagawabe kuti vår-sol, koma khutu silingaloze pamene gawo loyamba lathera. Ku Bergen, Stavanger ndi Kristiansand, kumene r amatchulidwira kukhosi, kusungunuka kumeneku sikuchitika, ndipo malembo awiriwo amamveka paokhapaokha.

Lamulo lotsindika gawo loyamba nalonso lili ndi opanduka ake ochepa, ndipo dzina la mzinda wa Kristiansand, umene Mfumu Christian IV anaukhazikitsa mu 1641, ndi limodzi mwa iwo, pakuti limatsindikidwa pa sand. Mbali za dziko zophatikiza, monga nordVEST, kumpoto chakumadzulo, zimatsindikidwa kumapeto. Lachisanu Loyera ndi langFREdag, ndipo wosoka nsapato, m'kayankhulidwe ka anthu ambiri a ku Oslo, ndi skoMAker, ngakhale kuti sko, nsapato, ndilo gawo loyamba. Mawu oterewa ndi ochepa moti amatheka kuwerengedwa, ndipo mawu atsopano amene anthu amapanga tsiku ndi tsiku satsatira chitsanzo chawo.

Pomaliza pali mawu amene anagwiritsidwa ntchito kwa zaka mazanamazana mpaka msoko wawo unafufutika. Zenera m'chiyankhulo chamakedzana linali vindauga, kuchokera ku vindr, mphepo, ndi auga, diso, chifukwa poyamba linali chiboo cha padenga cholowetsa kuwala ndi kutulutsa utsi. Nynorsk inasunga mawuwa pafupifupi athunthu monga vindauge, ndipo amagawidwa pamsoko kuti vind-auge. Mu Bokmål anafupika n'kukhala vindu. Diso lija latsala lembo limodzi lokha, ndipo d, amene mu vind wa masiku ano anthu ambiri samutchula n'komwe, wawoloka malire akale n'kukayamba phatikizo lachiwiri, moti mwana wa sukulu ku Oslo amagawa kuti vin-du, monga momwe amagawira mawu ena alionse amene sanalumikizidwepo.